Pulogalamu ya tsamba limodzi kapena ya masamba ambiri: bizinesi ya mu Blantyre isankhe iti?

Mwini bizinesi akaitanitsa kotesheni ya pulogalamu yosungira katundu, yogulitsira pa kauntala kapena yowerengetsera malipiro a antchito, masiku ano amapezamo mayina a zida zolembera mapulogalamu monga React, Angular kapena Vue, ndi chiganizo chakuti pulogalamuyo idzakhala single page application, mwachidule SPA. Ambiri amangosayina, poona ngati zimenezo ndi za akatswiri okhaokha. Komatu chisankhochi n'chimene chidzanene ndalama zosamalira pulogalamuyo zaka zisanu zikubwerazi, bandulo imene wantchito wanu wa ku Lunzu azidzathera pa foni yake, ndiponso zimene zidzachitike m'sitolo yanu ku Limbe netiweki ikagwa mzere wa makasitomala utafika pakhomo. Wotulutsa ndalama ayenera kuzimvetsa njira zilipozi, ngakhale iye sadzalemba pulogalamu.

Ine ndikuona chonchi. SPA ndi yoyenera pamene munthu amakhala pa sikirini imodzi tsiku lonse akudina mwaliwiro, kapena, ikamangidwa mwapadera, pamene ntchito iyenera kupitirira intaneti kulibe. Kunja kwa ziwirizi, pulogalamu ya mafomu, mindandanda ndi malipoti, imene ndiyo mabizinesi ambiri amafuna, imatuluka yotchipa ndi yolimba ikamangidwa mwa njira yopepuka.

Zimasiyana pati?

M'njira yakale, mukadina batani browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti monga Chrome, imatumiza pempho ku seva, kompyuta imene ikusunga pulogalamu yanu. Seva imafufuza mu database, mosungira deta yonse, imakonza tsamba lathunthu la HTML (chilankhulo cholembera masamba a pa intaneti), mutu wake, mizere ya katundu, mitengo, n'kulibweza. Tsamba limene munali nalo limachoka, latsopano n'kulowa m'malo. Mukadinanso zimachitikanso chimodzimodzi. Umu ndi mmene amagwirira ntchito mapulogalamu ambiri olembedwa mu PHP, Laravel, Django, Ruby on Rails ndi ASP.NET.

SPA imatembenuza dongosolo limeneli. Ulendo woyamba browser imalandira katsamba ka HTML kopanda kanthu kwenikweni, limodzi ndi mafayilo a JavaScript, malangizo amene browser imayendetsa yokha mu foni kapena mu kompyuta yanu. JavaScript imeneyi ndiyo imajambula chilichonse chooneka pa sikirini, ndipo ikakhazikika, pakati pa foni ndi seva pamangodutsa deta yokhayokha kudzera pa API, khomo la pa seva limene pulogalamu imapemphera ndi kutumizira deta: nambala ya katundu, mtengo, dzina la kasitomala. Zili ngati buku la malisiti losindikizidwa kale, loti dzina la sitolo, mizere ndi mabokosi zilimo, wogulitsa amangodzaza manambala, pamene m'njira yakale lisiti lililonse limalembedwa lonse kuyambira pamwamba. Koma bukulo liyenera kufika kaye m'manja, ndipo ndi lolemera.

Njirayi idatchuka ndi Gmail mu 2004 ndi Google Maps mu 2005, chaka chimene Jesse James Garrett adapatsa luso lake dzina loti Ajax. Google idatulutsa AngularJS mu 2010, Facebook idatsegulira anthu onse React mu 2013, Evan You adabweretsa Vue mu 2014. Taonani mtundu wa ntchito zimene zidabala zida zimenezi: bokosi la makalata limene munthu amalisiya lotsegula tsiku lonse, mapu amene mumakokera uku ndi uku, tsamba la Facebook limene mauthenga amalowamo mosalekeza. Mwini hadiweya ya pa Ginnery Corner adzifunse kaye ngati ntchito yake ikufanana nazo zimenezi.

Masamba ochokera ku seva

Ena amaiona njirayi ngati yotha ntchito, koma zimene imapereka si zochepa. Pulogalamu yonse ili malo amodzi, ndipo munthu mmodzi angathe kuimvetsa kuyambira pa fomu mpaka ku database. Malamulo a bizinesi, monga lakuti kashiya sangatsitse mtengo kupitirira mlingo wakuti popanda manijala, amalembedwa kamodzi. Batani lobwerera m'mbuyo limagwira lokha, tsamba lililonse lili ndi adiresi yake imene mungatumizire mnzanu, kusindikiza pa pepala sikuvuta. Ntchito yolemera imagwiridwa ndi seva, kotero foni ya Itel kapena Tecno yotsika mtengo, ngakhale kompyuta yakale ya mu ofesi, imangoonetsa zimene yalandira. Cholakwika chikakonzedwa pa seva m'mawa, aliyense wodina pambuyo pake amalandira zokonzedwazo.

Pali phindu lina lokhudza kwambiri malonda a kuno. Ambiri a ife timapeza makasitomala pa WhatsApp ndi Facebook. Mukatumiza linki, kachithunzi ndi mutu zimene zimaoneka nayo limodzi zimatengedwa mu HTML imene seva yabweza, ndipo mapulogalamu okatenga zimenezo sayendetsa JavaScript. Linki ya SPA, ngati sadaikonzere mwapadera, imaonetsa mutu umodzi womwewo pa katundu aliyense, kapena imangopita yopanda chithunzi. Google imatha kuyendetsa JavaScript powerenga masamba, koma imachita zimenezo pa sitepe yachiwiri. Choncho pa webusayiti ya loji, sukulu kapena sitolo yoonetsa katundu kwa anthu onse, sindiona chifukwa chosankhira SPA.

Kufooka kwake n'kodziwika. Kudina kulikonse ndi ulendo wa ku seva. Pa fomu yopemphera tchuthi kapena lipoti la pamwezi palibe angadandaule. Pa kauntala, kashiya akulowetsa zinthu makumi atatu za kasitomala mmodzi, kudikira tsamba latsopano pa chinthu chilichonse kumatopetsa, ndipo fomu yaitali ikhoza kutayika netiweki ikaduka potumiza.

SPA yeniyeni

Ikangotseguka, SPA imayankha pompopompo. Kashiya akalemba zilembo zitatu za dzina la katundu, mndandanda umasefeka pomwepo. Totali imasintha popanda kufunsa seva. Sikirini imodzi ingakhale ndi mbali zingapo, iliyonse yosintha payokha. Kampani ya mathiraki ku Chirimba imene ikufuna kuona galimoto iliyonse pa mapu, ofesi ya inshulansi imene kalaliki amatsata fomu ya masitepe ambiri ikuwerengetsa ndalama pamene akulemba, malo olandirira mafoni a makasitomala: m'malo ngati amenewa SPA imabweza ndalama zake. API imene mwaimangira ingadzatumikirenso pulogalamu ya pa foni mtsogolo. DHIS2, pulogalamu ya ku University of Oslo imene Unduna wa Zaumoyo kuno umasonkhanitsira malipoti a zipatala, mbali zake zatsopano zimamangidwa ndi React, ndipo n'zomveka, pakuti anthu amakhalamo maola akusanthula matebulo ndi mapu.

Mtengo wake uli m'malo amene kotesheni siitchula, kuyambira pa ulendo woyamba uja. Mafayilo a JavaScript a pulogalamu ya bizinesi amakwana makilobayiti mazanamazana, ena amadutsa megabayiti. Kutsitsa ndi mbali imodzi chabe. Foni iyenera kuwerenga ndi kuyendetsa zonsezo isanaonetse kanthu, ndipo apa m'pamene foni yotchipa imasiyana kutali ndi laputopu ya divelopa, wolemba pulogalamuyo. Browser imasunga mafayilowo, inde, koma pulogalamu ikasinthidwa ena mwa iwo amatsitsidwanso. Divelopa wosamala amagawa JavaScript m'zidutswa kuti munthu azitsitsa chokhacho chimene akufuna pa nthawiyo. Funsani ngati zimenezi zili m'pulani yake.

Kenako pali mtunda. Dziko lathu lili pakati pa mayiko ena, intaneti yathu imadzera m'zingwe zodutsa ku Mozambique, Tanzania ndi Zambia, ndipo maseva ambiri amene mabizinesi amachita lendi ali ku Ulaya, ku America kapena ku South Africa. Tiyerekeze kuti ulendo umodzi wopita ndi kubwera ukutenga mamilisekondi 200. SPA yomangidwa mosasamala imatenga HTML, kenako JavaScript, kenako imafunsa kuti walowayu ndani, kenako nthambi yake, kenako katundu wa nthambiyo, chilichonse kudikira chinzake. Maulendo asanu ndi sekondi yathunthu munthu akuyang'ana kachizindikiro kozungulira, osawerengera nthawi yotsitsa mafayilo. Tsamba lochokera ku seva limafunsa zonsezo pafupi ndi database n'kubwera kamodzi. Kusendeza seva pafupi kumathandiza njira zonse. Microsoft idatsegula malo a maseva ake a Azure ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024.

Koma chachikulu kwa ine n'chakuti SPA ndi mapulogalamu awiri, ina mu browser, ina pa seva, ndipo onse ayenera kugwirizana nthawi zonse. Mukawonjezera bokosi limodzi pa fomu ya kasitomala, kusinthako kumafika mu database, mu API, ndi pa sikirini. Lamulo lililonse limalembedwa kawiri: mu browser kuti munthu aone cholakwa msanga, pa seva kuti lamulolo ligwire ntchito zenizeni. Apa m'pamene ndalama zimabedwera. Chilichonse chili mu browser munthu angachiwerenge ndi kuchisintha. Ngati batani lotsitsira mtengo langobisidwa pa sikirini ya kashiya koma API siifunsa kuti wapemphayu ali ndi chilolezo, wantchito wodziwa pang'ono za kompyuta angatumize pempho lomwelo popanda batani. Chimodzimodzi pa malipiro a pa foni: chitsimikizo chakuti ndalama za Airtel Money kapena TNM Mpamba zalowa chichokere ku seva ya opereka ntchitoyo kubwera ku seva yanu. Zimene sikirini ya kasitomala ikunena zisakhale umboni wotulutsira katundu. Vutoli lingapezeke m'njira iliyonse, koma mu SPA zitseko zoti zitsekedwe zimachuluka chifukwa API yonse ili poyera.

Funsaninso kumene chiphaso cholowera, chimene seva imapatsa munthu akalowa ndi pasiwedi, chikusungidwa. Madivelopa ambiri amachiika mu localStorage, kamalo kosungiramo zinthu mu browser, chifukwa n'kosavuta, koma JavaScript iliyonse yoyenda pa tsambalo, ngakhale yolowetsedwa ndi wakuba, imatha kuwerenga mmenemo. Bungwe la OWASP, limene limalemba malangizo a chitetezo cha mapulogalamu a pa intaneti, limaletsa kusunga ziphaso zotere m'malo amenewo. Cookie (kadeta kamene seva imasungitsa mu browser) ya mtundu wa HttpOnly, imene JavaScript siingaiwerenge, ndi yotetezeka kuposa.

Kanthu kena kamene kamaonekera pulogalamu itayamba kale ntchito: kashiya amasiya SPA yotsegula sabata yonse. Divelopa akasintha seva Lachitatu, kashiyayo amakhala akuyendetsabe pulogalamu ya Lolemba, ndipo mwina imakafuna kachidutswa ka JavaScript kamene kachotsedwa kale. Pafunika njira yomuuza kuti atsegulenso. Si zovuta kukonza, koma ndi imodzi mwa ntchito zambiri zing'onozing'ono zimene browser imachita yokha m'njira yakale, pamene mu SPA wina ayenera kuzilemba ndipo inu muyenera kuzilipira.

Njira ya pakati

Iyi ndiyo ndimalimbikitsa kwambiri mabizinesi aang'ono ndi apakati. Seva imapitiriza kukonza HTML, koma m'malo mobweza tsamba lonse imabweza kachigawo kokhako kamene kasintha, monga mzere umodzi wa tebulo kapena zotsatira za kufufuza, ndipo kafayilo kakang'ono ka JavaScript kamakaika pamalo pake. Wogwiritsa ntchito amaona ngati SPA, koma pulogalamu ndi imodzi. Livewire, ya Caleb Porzio, idabwera mu 2019 kwa olemba mu Laravel. Mu 2020 mudatuluka htmx ya Carson Gross, imene imagwira ndi chilankhulo chilichonse cha pa seva ndipo ikapanikizidwa siikwana makilobayiti 20, komanso Hotwire ya eni Basecamp, yodziwika kwambiri pakati pa a Rails. Palinso Inertia.js, imene imalola kujambula masikirini ndi Vue kapena React pamene maadiresi, kulowa ndi zilolezo zatsala mu Laravel, popanda kumanga API yapadera.

Ndipo palibe lamulo lakuti pulogalamu yonse ikhale ya mtundu umodzi. Sitolo yopikulitsa ikhoza kukhala ndi masamba makumi anayi, a ogulitsa katundu, a ngongole, a malipoti, a antchito, onse ochokera ku seva, koma tsamba limodzi lokha la pa kauntala n'kumangidwa ndi Vue kapena React chifukwa m'pamene liwiro likufunika. Ndalama zanu zimapita pa sikirini imene imapanga ndalama.

Malire ake ndi akuti seva iyenera kupezeka. Netiweki ikaduka, htmx ndi Livewire zimaima, ndipo Livewire yolembedwa mosasamala imatumiza mapempho ochuluka kwambiri, zimene zimamveka msanga pa netiweki yofooka.

Next.js ndi Nuxt, zonse za mu 2016, zimayesa kuphatikiza mbali ziwiri: seva imakonza tsamba loyamba, kenako React kapena Vue imatenga ulamuliro mu browser. Zimathetsa vuto la linki za pa WhatsApp ndi la Google. Pa sitolo yaikulu ya pa intaneti n'zothandiza. Pa pulogalamu ya mu ofesi imene ili kuseri kwa pasiwedi phindu lake n'lochepa, koma zimafuna seva yoyendetsa Node.js (choyendetsera JavaScript pa seva) ndi divelopa womvetsa bwino kuti chikuyenda pa seva n'chiti, cha mu browser n'chiti.

Musaiwalenso kuti mwina simukufunika kumanga chilichonse. Odoo ndi ERPNext ali kale ndi za katundu, malonda ndi akaunti, ndipo masikirini awo a mkati amagwira ngati SPA imene anthu ena akuisamalira. Ntchito imatsala pa kuikonza kuti igwirizane ndi misonkho ndi kachitidwe ka kuno.

Netiweki ikagwa

Pali chikhulupiriro chofala chakuti SPA imagwira ntchito popanda intaneti. Si zoona, ndipo amene akukugulitsani pa chifukwa chimenechi afotokoze bwino. SPA wamba intaneti ikaduka imatsala ndi sikirini yopanda deta, ndipo mukaitseka mwina siitsegukanso. Kuti igwire popanda netiweki pafunika zina ziwiri: service worker, imene imasunga mafayilo a pulogalamu mu foni ndipo imafuna kulumikizana kotetezedwa kwa HTTPS, ndi IndexedDB, mosungiramo deta mu browser. Pulogalamu yotere ndiyo imatchedwa progressive web app, mwachidule PWA, dzina limene Frances Berriman ndi Alex Russell adapereka mu 2015.

Kusunga mu foni ndi mbali yophweka. Chovuta ndi kugwirizanitsa netiweki ikabwerera. Nenani kuti m'nkhokwe mwatsala matumba khumi a simenti. Wogulitsa wa ku Bangwe, netiweki palibe, wagulitsa asanu ndi atatu. Wa ku Ndirande nayenso, osadziwa, wagulitsa asanu ndi awiri. Madzulo mafoni onse alumikizika, ndipo mwagulitsa matumba 15 pa khumi. Apatsidwe ndani? Funso limeneli si la divelopa, ndi la mwini bizinesi, ndipo liyankhidwe pulogalamu isanalembedwe: kaya nthambi iliyonse izikhala ndi gawo lake la katundu, kaya malonda opanda netiweki azikhala oyembekezera chitsimikizo. Mafunso ena otere alipo. Mtengo ukakwera ku likulu foni ili kunja kwa netiweki, lisiti lilembe mtengo uti? Manambala a malisiti aziperekedwa bwanji kuti awiri asafanane? Foni ikatumiza malonda, yankho n'kusochera panjira, ndiye n'kutumizanso, seva idziwa bwanji kuti ndi omwe aja? Yankho la lomalizali n'lakuti malonda aliwonse azipatsidwa nambala yapadera mu foni momwemo, seva izikana kulemba nambala imodzi kawiri. Ngati bizinesi yanu idalembetsa VAT, zofuna za MRA pa malisiti zilowenso m'zokambiranazi pachiyambi pomwe.

Deta yosungidwa mu browser si yokhazikika kotheratu. Malo akachepa mu foni browser ingathe kuifufuta, ndipo kuyambira mu 2020 Safari ya pa iPhone imafufuta zosungidwa za tsamba limene munthu sadaligwiritse ntchito masiku asanu ndi awiri, kupatula ngati lidaikidwa pa sikirini yoyamba ya foni. Ndiponso foni imabedwa. Ngati muli mayina, manambala ndi ngongole za makasitomala, kumbukirani kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza deta ya anthu, Data Protection Act ya 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA. Mu foni musungemo zokhazo zimene wantchito akufuna pa tsikulo.

Kwa antchito oyenda m'midzi, ogula mbewu ku Thyolo ndi Mulanje kapena otolera ngongole ku Chikwawa, amene angathe tsiku lonse opanda netiweki, ine ndingasankhe pulogalamu ya Android yeniyeni, yolembedwa mu Kotlin kapena Flutter. Imasunga mu SQLite, database ya mu foni momwemo, imene browser siingaifufute, imalumikizana mosavuta ndi kaprinta ka Bluetooth, ndipo imatha kutumiza deta yokha netiweki ikapezeka. Browser imavutika ndi maprinta a malisiti: WebUSB, njira yolumikizira browser ndi zipangizo za USB, imagwira mu Chrome ndi Edge koma osati mu Safari kapena Firefox. Kuipa kwake n'kwakuti ndi pulogalamu inanso yofuna kusamalidwa, ndipo muyenera kuonetsetsa kuti mafoni onse ali ndi mtundu watsopano.

Koma ngati antchito onse ali m'nyumba imodzi, pali njira imene ambiri amaidumpha: seva ikhale m'sitolo momwemo. Kakompyuta kamodzi kumbuyo kwa kauntala, makompyuta ena n'kulumikizika kwa iko pa waya kapena Wi-Fi ya mkati. Intaneti ikaduka malonda amapitirira, ngakhale pulogalamuyo ndi ya masamba wamba, ndipo vuto la matumba a simenti silibuka chifukwa database ndi imodzi. Njirayi ili ndi mbiri muno mumzinda. Mu 2006 bungwe la Baobab Health lidayamba kuyesa pulogalamu yake yosungira mbiri ya olandira ma ARV pa chipatala cha Gulupu, pogwiritsa ntchito makompyuta ogusa pa sikirini odya magetsi ochepa, olumikizidwa ku seva ya pachipatala pomwepo, ndi mabatire othandiza magetsi akathima. Idamangidwa ndi Ruby on Rails. Adayamba ndi kuganizira za magetsi ndi netiweki, zida n'kusankha pambuyo.

Za magetsi sitingazinyalanyaze. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense wochita bizinesi muno akukumbukira kuthimathima kwa nthawi imeneyo. Seva ya m'sitolo imafuna inveta kapena sola, ndipo deta yake izikopedwa tsiku lililonse n'kutumizidwa kwina, chifukwa moto, akuba kapena madzi angatenge kompyuta ndi mbiri yonse ya bizinesi usiku umodzi. PWA ya pa foni kapena tabuleti ili ndi mwayi pamenepa, pakuti batire ili nayo kale.

Adzaisamalira ndani?

Zida za JavaScript zimasintha msanga. Angular imene idatuluka mu 2016 siinali kupitiriza kwa AngularJS, inali chinthu china, ndipo amene adamanga pa yakaleyo adayenera kulembanso. Google idasiya kuthandiza AngularJS kumapeto kwa 2021. Vue 2 idafika mapeto ake pa 31 December 2023. Create React App, imene kwa zaka zambiri inali poyambira pa React, eni ake adalengeza mu February 2025 kuti asiya kuilimbikitsa. Za pa seva nazonso zimakalamba: mtundu uliwonse wa Laravel umalandira zokonza za chitetezo kwa zaka ziwiri, wa Django wokhalitsa zaka zitatu. Kusiyana n'kwakuti ndi SPA mumathamangitsa mbali zonse ziwiri. Kuwonjezera apo, pulojekiti ya React kapena Angular imakoka timapulogalamu ta anthu ena mazanamazana kuchokera ku npm, nkhokwe ya pa intaneti ya timapulogalamu ta JavaScript. Mu March 2016 munthu mmodzi adachotsako kapulogalamu kake ka mizere 11 kotchedwa left-pad, ndipo mapulojekiti ambirimbiri padziko lonse adalephera kumangika mpaka kadabwezeretsedwa.

Achinyamata otuluka ku MUBAS ndi m'makoleji ena ali ndi luso, ndipo ambiri amaphunzira React chifukwa ndiyo ntchito zakunja zimafunsa kwambiri. Akuchita bwino, ndipo ndi zomveka kuti akapatsidwa ntchito amasankha chida chimene akuchidziwa. Koma luso lomwelo ndilo limawatengera ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku ntchito yolipira madola ali kunyumba. Kampani yokhala ndi gulu la madivelopa, monga banki kapena kampani ya mafoni, ingagawe ntchito, ena pa API ena pa sikirini, ndipo mmodzi akachoka ena amatsala. Bizinesi yodalira munthu mmodzi isankhe pulogalamu imene munthu wina mmodzi angaitole n'kuimvetsa mu sabata ziwiri.

Ndalama zakunja nazo zilowe m'chiwerengero. Kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kulipira madola pa khadi kwakhala kovuta. Mafayilo a SPA paokha safuna seva yodula, koma mapulojekiti amakono amakonda kutsamira ntchito zingapo zakunja, ina yosungira tsamba, ina ya database, ina yolowetsera anthu, iliyonse ndi bilu yake ya madola mwezi ndi mwezi. Khadi ikakanidwa pa imodzi yokha, pulogalamu yonse ingaime. Pemphani mndandanda wa zonse zolipiridwa kunja ndi mtengo wake pachaka, ndipo funsani kuti ndi ziti zimene zingakhale pa seva imodzi, kapena kwa kampani ya kuno yolandira makwacha.

Musanasayine

Musalandire chionetsero cha pa laputopu ya divelopa ndi Wi-Fi ya mu ofesi yake. Tengani foni yotchipa kuposa onse imene wantchito wanu ali nayo, pitani kumene azikagwirira ntchito, kaya ndi mumsika wa Limbe kaya ku Machinjiri, mutsegule pulogalamuyo pa bandulo wamba. Onani nthawi imene yatenga kuti itseguke koyamba ndi deta imene yadya. Lembani malonda mpaka pakati, zimitsani deta, dinani kutumiza, yatsaninso, muone ngati malondawo atayika, alowa kamodzi kapena kawiri. Dinani batani lobwerera m'mbuyo. Lowani ngati kashiya n'kulemba pamanja adiresi ya tsamba la manijala. Tumizani linki ya katundu pa WhatsApp. Ngati pulogalamu yanu siinamangidwe, chitani zomwezi pa ina imene divelopayo adamangira anthu ena.

Mu kontirakiti mulembe kuti source code, zolemba zenizeni zimene zimapanga pulogalamuyo, ikhale mu akaunti ya GitHub kapena GitLab ya kampani yanu, dzina la webusayiti ndi akaunti ya seva zikhale m'dzina la kampani osati la divelopa, pakhale malangizo olembedwa a mmene munthu wina angaikire pulogalamuyo pa seva yatsopano, ndipo mtengo wa pachaka wokonzera zida zokalamba utchulidwe padera ndi mtengo womangira.